Amene amasunga makiyi a mtambo wa boma

Aliyense amene anaimapo pa mzere wogula feteleza wotsika mtengo pa Golomoti akuwadziwa mawu amene amafoola nkhongono kuposa dzuwa la kuchigwa: "Netiweki yavuta." Munthu walawirira m'mamawa, wapalasa njinga kuchokera cha ku Mtakataka, ndalama zili m'thumba, chiphaso cha unzika chili m'manja, matumba a feteleza akuwaona ndi maso ake ataunjikidwa m'shedi, koma kalaliki akungoyang'ana foni. Kuyambira mu 2020, pomwe ndondomeko ya AIP inayamba, wogulitsa sapereka thumba asanajambule chiphaso ndi kulandira yankho lakuti dzina la mlimiyo lilipodi pa mndandanda ndipo sanagulepo kale. Yankholo silichokera m'foni ya kalalikiyo. Limachokera pa kompyuta ina imene ili kutali, m'chipinda chozizira chimene mlimiyo sadzachiona, ndipo pali anthu amene analembedwa ntchito yoonetsetsa kuti kompyutayo isagone.

Ambiri mwa ife tikamva za ntchito ya makompyuta timaganiza za wokonza laputopu kapena wolemba mapulogalamu a pafoni. Koma ilipo ntchito ina yosamveka kwambiri imene imasenza zonsezi, yosamala makina aakulu osunga kaundula wa boma. Malipiro a aphunzitsi, misonkho ya MRA, ziphaso zoyendetsera galimoto, mapasipoti, ziwerengero za odwala malungo zimene zipatala zing'onozing'ono zimatumiza mwezi ndi mwezi, zonsezi zimakhala pa makina otchedwa seva. Wofuna kudzatsogolera ntchito imeneyi ayenera kumvetsa mawu awiri a Chingerezi amene sitinawapezerebe dzina lokhazikika m'Chichewa, virtualization ndi cloud. Tiyambe ndi loyambalo chifukwa ndilo tsinde la linzakelo.

Seva ndi kompyuta basi, kungoti ndi yamphamvu, nthawi zambiri ilibe sikirini, ndipo sizimitsidwa usana ndi usiku. Kale ofesi iliyonse ikafuna pulogalamu yatsopano inkagula seva yakeyake. A malipiro yawo, a za malo yawo, a zaumoyo yawonso. Vuto linali lakuti makinawo ankangokhala. Seva ya malipiro imatanganidwa masiku ochepa mwezi ukamapita kumapeto, masiku ena onse ikungodya magetsi ndi kutenthetsa chipinda. Virtualization ndi luso logawa seva imodzi kuti igwire ntchito ngati makompyuta ambiri, iliyonse ndi zake, popanda kuonerana za m'kati.

Amene tikuidziwa sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley sitingavutike kumva zimenezi. Madzi amapatutsidwa mu mtsinje wa Namikokwe n'kulowa mu ngalande imodzi yaikulu, koma amathirira minda ya alimi ambirimbiri pa mahekitala pafupifupi 800. Mlimi aliyense ali ndi chigawo chake ndi malire ake, ndipo amawokera mpunga wake ngati kuti mtsinjewo ndi wa iye yekha. Chimene chimachititsa kuti zitheke ndi mageti, ndi munthu amene amawatsegula ndi kuwatseka kuti lero madzi apite mbali iyi, mawa mbali inayo. Mu seva, ntchito ya wotsegula mageti imagwiridwa ndi pulogalamu yotchedwa hypervisor. Iyo imagawa mphamvu za makinawo: wa malipiro alandire zambiri pa 25, wa mayeso alandire zambiri tsiku lotulutsa zotsatira, ndipo pasapezeke wosefukira m'munda mwa mnzake.

Phindu lake lalikulu silili pa kupulumutsa magetsi pokha. Kompyuta yogawidwa chonchi kwenikweni ndi mafayilo. Ingathe kukopedwa, kusungidwa pena, kapena kusamutsidwa kuchoka pa makina amene ayamba kudwala kupita pa ena anthu ogwiritsa ntchito osazindikira n'komwe. Luso limeneli si la dzulo. Kampani ya IBM inkalichita kale pa makompyuta ake akuluakulu m'zaka za m'ma 1960, koma linafika pa maseva wamba kampani ya VMware itakhazikitsidwa mu 1998.

Nanga cloud, kapena kuti mtambo? Taganizani za chigayo. Palibe banja limene limagula chigayo chakechake kuti lizigaya ndowa imodzi pa sabata. Timapita kwa mwini chigayo, timalipira malinga ndi chimanga chimene tabweretsa, ndipo za lamba woduka kapena sefa yobowoka ndi mutu wake. Mtambo ndi chimodzimodzi. Wina amamanga nyumba yodzaza maseva, amawagawa mwa njira tafotokozayi, ndipo ofuna amabwereka kudzera pa intaneti n'kumalipira zimene agwiritsa ntchito. Eni zigayo zikuluzikulu padziko lapansi ndi Amazon, Microsoft ndi Google. Boma nalonso lingathe kumanga chigayo chake kuti maunduna onse azigayira pamodzi, m'malo moti unduna uliwonse uzisunga kaseva kake pansi pa tebulo la akauntanti.

Mtambo umene uli ndi maziko pansi

Dzina lakuti mtambo ndi lonyenga. Limapatsa munthu maganizo akuti zinthuzi zimangolendewera m'mwamba. Zoona zake n'zakuti zimafuna konkire, mawaya ndi magetsi osazima, ndipo pa nkhani ya magetsi anthu a ku Golomoti ali ndi chitsanzo pakhomo. Munthu akamatsika phiri pa msewu wa Khwekhwerere amaona munda wa mapanelo a sola ukunyezimira m'chigwa. Malo amenewa, omwe anamangidwa ndi makampani a JCM Power ndi InfraCo Africa, anayamba kugwira ntchito mu 2022. Amapanga mamegawati 20, ndipo ali ndi mabatire aakulu otha kutulutsa mamegawati 5 kwa maola awiri. Mabatirewo ndiwo anachititsa kuti malowa atchuke kunja, chifukwa mtambo weniweni ukaphimba dzuwa mwadzidzidzi iwo amatseka mpatawo kuti magetsi a pa mawaya a ESCOM asagwedezeke.

Chaka chomwecho tinaphunzira mowawa chifukwa chake zimenezi zili zofunika. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo anabwerera mu 2023. Tonse tikukumbukira kuwerengera mayeso pa tochi ya foni. Koma seva siili ngati babu yoti magetsi akabwera imangoyaka. Ikazima mwadzidzidzi ili pakati polemba, zimene imalembazo zingaonongeke. N'chifukwa chake chipinda cha maseva chimakhala ndi mabatire ogwirizira mphindi zoyamba, jenereta yoyaka yokha, ndi makina oziziritsa, pakuti maseva akatenthedwa amadzizimitsa. Mkulu woyang'anira malo otere angakhale ndi madigiri awiri, koma funso limene limamusowetsa tulo nthawi ya kusowa kwa mafuta ndi lakuti m'thanki ya jenereta mwatsala dizilo wa maola angati.

Dziko lathu lakhala likumanga maziko amenewa pang'onopang'ono. Dipatimenti ya E-Government ndiyo imayang'anira netiweki yolumikiza maofesi a boma yotchedwa GWAN. Mawaya a fibre a boma, amene anayalidwa ndi kampani ya Huawei, amayenda ndi mizere ya magetsi ya ESCOM kupita m'maboma. Mu 2017 World Bank inavomereza ndalama zokwana $72.4 miliyoni za pulojekiti ya Digital Malawi, imene mbali ina ya ntchito yake inali kulumikiza masukulu, zipatala ndi maofesi a boma ku intaneti. Mu Julayi 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsegulira National Data Centre mu mzinda wa Blantyre, nyumba yosungiramo maseva a boma. Nyumba ndi mawaya tingagule ndi ngongole. Anthu oziyendetsa ndiwo sagulidwa pa sitolo.

Tisunge kwathu kapena kwa eni?

Funso loyamba limene mtsogoleri wa ntchitoyi amakumana nalo ndi la komwe zinthu za boma zisungidwe. Kubwereka kwa makampani aakulu n'kokopa. Microsoft inatsegula malo ake osungira maseva ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon inatsegula ake ku Cape Town mu 2020, ndipo makina awo sazima wambawamba. Koma walira mvula walira matope. Bilu yawo imabwera m'madola, mwezi ndi mwezi. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene ankalipira m'madola anadzuka ngongole yake itakula usiku umodzi, osaonjezera kanthu pa zimene amagwiritsa ntchito. Komanso ife tilibe nyanja yamchere. Intaneti yathu imadzera m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique kuti ikafike pa zingwe za pansi pa nyanja. Mu Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi Seacom zitaduka, intaneti inayenda mwa ukamba m'maiko angapo a chigawo chino, kuphatikizapo kwathu kuno. Kaundula wa chipatala akakhala ku Cape Town tsiku lotero, namwino wa ku Dedza amabwerera ku cholembera ndi pepala.

Palinso lamulo. Mu 2024 dziko lino linakhala ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu, la Data Protection Act, limene linapatsa bungwe la MACRA udindo woliyang'anira ndipo limaika malire pa kutumiza mbiri za anthu kunja kwa dziko. Zidindo za zala za anthu oposa 9 miliyoni amene analembetsa chiphaso cha unzika mu 2017 si katundu woti kalaliki angamusamutse mmene wafunira.

Komabe tisafulumire kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, tingosunga zonse m'nyumba imodzi kwathu konkuno. Namondwe wa Freddy anakantha mzinda wa Blantyre womwewo mu Malichi 2023. Zinthu zosungidwa malo amodzi zimapsa ndi moto umodzi. Dziko la Estonia, limene makompyuta ake a boma ndi a mabanki anaukiridwa kwa masabata angapo mu 2007, linagwirizana ndi Luxembourg mu 2017 kuti lizisunga kumeneko makope a kaundula wake wofunika kwambiri, pa maseva amene ali pansi pa ulamuliro wa Estonia yemweyo. Kwa ife phunziro lake ndi losavuta kunena koma lodula kuchita: kope lina likhale mzinda wina, ndipo pakhale munthu amene amayesa kawirikawiri ngati kopelo likutsegukadi. Alipo maofesi ambiri padziko amene anazindikira tsiku la tsoka kuti makina awo okopera anasiya kugwira ntchito miyezi yapitayo popanda woona.

Pa nkhani ya makiyi m'pamene tikufuna kukhalitsa, chifukwa m'pamene dziko lathu lapsa kawiri. Mu Seputembala 2013 mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, a Paul Mphwiyo, anaomberedwa pa geti la nyumba yawo ku Lilongwe, ndipo m'masabata otsatira kunavumbuluka nkhani ya Cashgate. Akatswiri owerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Njira yake inadzera mu IFMIS, pulogalamu imene boma limalipirira zinthu. Anthu ankalowetsamo malipiro a makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, cheke chikatuluka n'kufufuta zolembedwazo. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala amene anapeza mashelefu a mankhwala ali mbee.

Wophunzira makompyuta akamawerenga nkhani imeneyi ayenera kufunsa mafunso a ntchito yake. Ndani anali ndi mphamvu yofufuta? Kodi munthu mmodzi ankatha kulemba, kuvomereza ndi kufufuta yekha? Kodi pasiwedi inali ya munthu mmodzi kapena inkabwerekanidwa ngati khasu? Makina abwino amalemba m'kaundula wapadera chilichonse chimene munthu wachita, ola lake ndi dzina lake, ndipo kaundula ameneyo amasungidwa pamalo pomwe ngakhale bwana wa makompyuta sangamukhudze. Kukhazikitsa dongosolo lotere sikufuna nzeru zapatali. Kumafuna munthu wotha kuuza wamkulu kwa iye kuti, "Pepani bwana, pasiwedi yanga sindingakupatseni," n'kubweranso ku ntchito mawa lake.

Kachiwiri kanali ka mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 Dipatimenti ya Immigration inasiya kusindikiza mapasipoti, ndipo mu Febuluwale Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makinawo alandidwa ndi anthu amene akufuna dipo, lomwe boma silipereka. Izi zinachitika boma litathetsa, mu Disembala 2021, kontirakiti yake ndi kampani yakunja imene inakhazikitsa makinawo. Za yemwe analakwa anthu anatsutsana kwambiri, ndipo sitikhala oweruza pano. Chimene tonse tinaona n'chakuti kwa masabata angapo odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira opeza malo ku mayunivesite akunja ndi achinyamata opita ku Joni anangokhala manja ali m'khosi. Makina anali m'nyumba ya boma, koma kuwadzutsa kunavuta. Chimene chimateteza dziko pa nthawi yotere chimalembedwa zaka zingapo m'mbuyo, tsiku losainirana kontirakiti: kuti pulogalamuyo ndi ya ndani, makiyi ake akulu akusunga ndani, ndi ogwira ntchito m'boma angati amene aphunzitsidwe kuiyendetsa, ndipo tsiku losiyana katundu adzaperekedwa bwanji. Ngakhale makampani otchuka amasintha mawanga. Broadcom itagula VMware mu Novembala 2023 inasintha kagulitsidwe ka malaisensi, ndipo makasitomala ambiri padziko anadandaula kuti mitengo yakwera pomwe kusamuka n'kovuta.

Anafika bwanji pamenepo?

Tikayang'ana anthu amene atsogolera ntchito zotere, njira zawo si zowongoka. Vivek Kundra anabadwira ku New Delhi, anakulira ku Tanzania akuyankhula Chiswahili, ndipo anapita ku America ali ndi zaka 11. Anagwira ntchito m'maboma ang'onoang'ono, kenaka anayang'anira za makompyuta mu mzinda wa Washington, mpaka mu 2009 Pulezidenti Barack Obama anamusankha kukhala mkulu woyamba woyang'anira makompyuta a boma lonse la America. Anapeza kuti malo osungira maseva a bomalo achuluka kuchoka pa 432 mu 1998 kufika pa 2,094 mu 2010, ambiri mwa makinawo akugwira ntchito yochepa. Anakhazikitsa ndondomeko yakuti nthambi ya boma isanagule makina atsopano iyambe yaona ngati singabwereke pa mtambo. Ntchito yake yaikulu sinali yolumikiza mawaya ayi, inali yowerenga zimene boma lili nazo ndi kukangana ndi maofesi amene sankafuna kusiya maseva awo. Anachoka m'boma mu 2011, ndipo pasanapite nthawi analowa kampani ya Salesforce, yomwe imagulitsa ntchito za pa mtambo. Sitikunena kuti analakwa, koma khomo limeneli, lochoka ku mpando wogula kupita ku mpando wogulitsa, ndi loyenera kuliyang'anitsitsa kulikonse.

Diane Greene, mmodzi mwa amene anayambitsa VMware ndipo anali mkulu wake woyamba, anayamba ndi maphunziro a uinjiniya wa makina ndi wa zombo asanaphunzire makompyuta. Pambuyo pake anatsogolera nthambi ya mtambo ya Google kuyambira 2015. Alongo athu amene amauzidwa kuti chipinda cha maseva ndi cha amuna adziwe kuti luso limene lili pa mtima pa chipindacho linafalitsidwa ndi kampani yotsogozedwa ndi mayi. Ndipo ambiri sadziwa kuti EC2, makina obwereketsa amene Amazon inatulutsa mu 2006 n'kusintha msika wonse, anapangidwa ndi kagulu ka akatswiri ku Cape Town motsogozedwa ndi Chris Pinkham, yemwe anapempha kuti abwerere kwawo ku South Africa n'kukagwirira ntchito kumeneko.

Kwathu kuno, kalembera wa chiphaso cha unzika wa 2017 anayendetsedwa ndi National Registration Bureau mothandizidwa ndi UNDP, ndipo mlangizi wamkulu wa zaluso anali Tariq Malik, yemwe kale anatsogolera bungwe la NADRA losunga kaundula wa nzika za Pakistan. Luso losamala kaundula wa dziko limodzi linamutengera ku dziko lina. Tilinso ndi a Dr. Paulos Nyirenda, amene anali mphunzitsi wa physics ku Chancellor College, anathandiza kubweretsa imelo m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuyang'anira dzina la dziko lathu pa intaneti, .mw, kudzera ku Malawi SDNP. Ntchito yawo ndi ya mtundu womwe tikunenawu. Ikamayenda bwino palibe amene amaikumbukira.

Chimene tikuona mwa anthu onsewa n'chakuti anayamba ndi kudziwa chinthu chimodzi mozama, kenaka anaphunzira zimene sizili mu silabasi ya makompyuta: bajeti, malamulo ogulira katundu, kulemba lipoti loti nduna imve, ndi kutsogolera anthu. Anzathu amene akuphunzira za bizinesi ndi akaunti asaganize kuti nkhaniyi si yawo. Ofesi ya makompyuta ikusowa kwambiri munthu wodziwa kuwerenga kontirakiti, wodziwa malamulo a PPDA, ndi wowerengera ndalama amene angathe kufufuza za m'kati mwa makina osati malisiti okha.

M'boma la Malawi makwerero ake amayambira pansi. Wongomaliza kumene digiri amalowa ngati programmer kapena systems analyst, nthawi zambiri kudzera ku Civil Service Commission, ndipo angatumizidwe ku unduna uliwonse kapena ku khonsolo ya boma. Zaka zoyamba ndi za kukwawa pansi pa matebulo kufufuza waya woduka, kuchotsa mavairasi obwera ndi mafulashi, ndi kukumbutsa abwana pasiwedi imene aiwala kachitatu. Akakwera amapatsidwa maseva ndi netiweki, kenaka pulojekiti yonse, ndipo akafika pa udindo wa dayirekita amapeza kuti tsiku lake latha ndi misonkhano. Tisabise, malipiro a m'boma ndi otsika poyerekeza ndi a kubanki, a makampani a mafoni kapena a mabungwe akunja, ndipo akatswiri ambiri amachoka akangopsa. Chimene boma limapereka ndi kukula kwa ntchito. Palibe banki m'dziko muno imene ili ndi kaundula wa anthu ochuluka ngati wa NRB.

Ilipo nkhani ina imene ife sitingaidumphe, ya Sabata. Maseva sapuma, ndipo maofesi ambiri amakonda kukonza kapena kusintha makina Loweruka chifukwa ogwira ntchito ena kulibe. Wachinyamata wa mpingo wathu wolowa ntchitoyi ayenera kuinena nkhaniyi poyera asanasaine kalata ya ntchito, osati kudikira Lachisanu loyamba. Zambiri zimene zimaikidwa Loweruka zingathe kuchitika Loweruka usiku dzuwa litalowa kapena Lamlungu, ndipo wodzipereka kutenga mashifiti amenewo kawirikawiri amapeza anzake okondwa kusinthana naye. Akatswiri a ntchitoyi ali ndi mwambo wawo wakuti usasinthe kanthu pa makina Lachisanu masana, chifukwa chikalakwika ugona ku ofesi. Ife tinganene kuti amalemekeza tsiku lokonzekera osadziwa. Ndipo apa virtualization ndi bwenzi lathu: makina okonzedwa bwino, oti seva ina ikafa inzake imanyamula katundu yokha, saitana munthu pakati pa Sukulu ya Sabata. Zotsala ndi ngozi zenizeni, monga makina a chipatala kuima odwala ali pa mzere. Anzathu a ku Malamulo ophunzira unamwino akhala akulimbana ndi funso lotere kwa zaka zambiri, ndipo ndi bwino kucheza nawo, komanso ndi abusa, munthu asanakumane nalo yekha foni ikulira.

Poyambira sipafuna ndalama zambiri. Laputopu wamba ingathe kunyamula pulogalamu yaulere ya VirtualBox, ndipo m'menemo munthu angapange makompyuta awiri kapena atatu a Linux, n'kuwalumikiza kuti aziyankhulana. Kompyuta yakale imene ili pakona ya labu ingaikidwe Proxmox n'kusanduka kamtambo ka kalasi yonse. Mayeso a ziphaso za Cisco, Microsoft kapena Amazon amalipiridwa m'madola, koma zophunzira zake zambiri zili pa intaneti mwaulere, ndipo bungwe la ICTAM limasonkhanitsa anthu a ntchitoyi m'dziko muno, komwe wophunzira angakumane ndi omwe ali kale m'maofesiwa. Pa tchuthi, m'malo molimbirana malo ophunzirira ntchito ku Capital Hill, ndi bwino kukagogoda ku khonsolo ya Dedza kapena ku chipatala cha boma, komwe wa makompyuta amakhala mmodzi kapena awiri ndipo wophunzira amapatsidwa ntchito yeniyeni sabata yoyamba.

Pali ntchito imodzi ya mu labu imene tikupempha aliyense wofuna njirayi kuti aichite temu ino. Pangani seva, muikemo kaundula wongopeka wa alimi 200, mayina, midzi ndi matumba amene aliyense wagula. Tengani kope lake mulisunge pa kompyuta ina. Kenaka itanani mnzanu afufute seva yonseyo inu mutatuluka panja. Mukabwera yang'anani wotchi, muyambe kuibwezeretsa, ndipo mulembe kuti zakutengerani mphindi zingati komanso ndi mayina angati amene asowa.